Ya ku Katete ndi ya Lamlungu: njinga yamoto imodzi ingakwanitse?

Mwezi wa August ukamatha, m'komboni ya Chipata muno mu Lusaka nkhani imakhala ya ulendo wa kum'mawa. Loweruka lomaliza la mweziwu ndi la mwambo wa Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete. Ambiri amakwera basi, koma zaka zino, pamene njinga zamoto zachuluka mumzinda chifukwa cha anyamata operekera katundu, ena akufuna kukafika kwawo atagwira okha mahandulo. Chimene chikuwazunguza mutu asanagule ndi ichi: kodi njinga yosangalala nayo Lamlungu masana ingakufikitsenso ku Katete msana uli bwino?

Chapafupi ndi msewu wa Kasangula kuli bambo wina wowotcherera zitsulo amene yankho lake analimva m'thupi. Njinga yawo yoyamba inali ija yothamanga, ya injini ya 600cc, yogwirako kale ntchito kunja, yofiira psuu, yokutidwa mapulasitiki m'mbali. Akailiza, ana ankasiya mpira n'kuthamangira kumsewu. Popita ku Kafue kapena pamsewu wa Leopards Hill inkangouluka. Ndiye chaka china anamangirira chikwama kumbuyo, nalowa Great East Road kusanache.

Mpaka ku Chongwe mtima unali m'malo. Koma njinga yamtunduwu imafuna munthu awerame, chifuwa chili pathanki, thupi lonse likulemera m'manja. Atadutsa Rufunsa n'kuyamba kukhotakhota m'mapiri a Manenekela, zala zinali zitachita dzanzi, khosi litauma gwa. Pa mlatho wa Luangwa, makilomita oposa 200 kuchokera ku Lusaka, anatsika akudzandira, nakhala pansi pafupi ndi azimayi ogulitsa nsomba zouma, ulendo asanaufike n'komwe pakati. Pamahampu a ku Nyimba mimba ya njinga inkakhula pansi. Chakufupi ndi Sinda tcheni chinaduka, ndipo amakaniko a kumeneko, amene tsiku ndi tsiku amakonza njinga zazing'ono za m'midzi, analibe cha saizi imeneyo. Njinga inafika ku Katete itakwera lole. Tcheni chinabwera pa basi kuchokera ku Lusaka gule atavinidwa kale.

Atabwerako anaigulitsa. Imene ili pakhonde pawo lero ndi ya 200cc, yaitali miyendo, ya masipoko, yopanda chokopa maso. Mpando anapita nawo kwa wosoka masofa kuti awonjezere siponji ndi kuukulitsa pokhalira. Kaliyala anawotcherera okha, yotakata moti thumba la mtedza likhalepo osapendekeka. Kutsogolo anaikako kagalasi kotchinga mphepo pachifuwa. M'kachikwama kam'mbali simusowa masipanala, chubu, pampu, kebulo ya kilatchi ndi kolumikizira tcheni. Amayenda pa 80, ndipo amaima pafupipafupi kuti amwe madzi, awongole msana, injini nayo ipume. Munthu ukaiona njingayi umadziwa kuti chilichonse chili pamenepo chinaikidwa pokumbukira ululu wina wa pamsewu uja.

Amene sagwirizana nawo ndi mwana wa mlongo wawo, mnyamata amene sabata yonse amakhala pa njinga akuperekera zakudya m'tauni. Iye amawauza amalume ake mosabisa kuti anathawa mvula n'kugwera m'chithaphwi. Injini yaing'ono pamsewu waukulu, iye amatero, ndiyo yoopsa. Ukafuna kupitirira thiraki yopita ku Mwami kapena ku Chanida pachikweza, umakhala mbali ya eni ake nthawi yaitali chifukwa njinga ilibe mphamvu yotumphira. Basi ikakudutsa, mphepo yake imakankha njinga yopepuka ngati tsamba. Ndipo chisangalalo chili pati, amafunsa, ngati injini ikulira momvetsa chisoni tsiku lonse?

Amalume amayankha kuti mphamvu yambiri ndiyo imanyenga munthu kupitirira pamalo posayenera, ndipo kuti thiraki ikakhala patsogolo pachikweza iwo amangoitsatira mpaka msewu uoneke. Za chisangalalo amati mnyamatayo sanalowe m'msewu wafumbi wa kumudzi m'mawa, pamene njinga yopepuka imamvera bondo ndi phazi, n'kukufikitsa padimba pomwe galimoto siifika.

Pa nkhani yopitirira mathiraki mnyamatayu sakunama, ndipo aliyense wofuna njinga yaing'ono ya ulendo wautali ayenera kuvomereza kuti adzakhala munthu wodikira. Komabe ine ndili kumbali ya amalume, pa chifukwa chimene awiriwa sachitchula kawirikawiri. Ulendo wa ku Katete umachitika kamodzi kapena kawiri pachaka. Masiku ena onse njinga imadzuka m'komboni, ndipo m'nyengo yamvula njira za m'kombonimo zimakhala matope, miyala ndi madzi obisa maenje. Usiku iyenera kulowa pakageti kopapatiza, nthawi zina m'nyumba mwenimweni poopa akuba. Njinga yolemera kuyandikira makilogalamu 200 ikagwa m'matope, munthu mmodzi amavutika kuidzutsa. Zilipo zapakati, za 250cc mpaka 400cc, zimene zingathetse mkanganowu, koma mtengo wake ndi kusowa kwa masipeya kutali ndi Lusaka zimabweza ambiri.

Pamene awiriwa amagwirizana ndi pa chisote. Onse amavala chotseka nkhope yonse, ndipo bamboyu salola aliyense kukwera kumbuyo mutu uli pamtunda, ngakhale ulendo ukhale wongofika pa Mandevu.

Tsiku limene ndinacheza nawo, potuluka m'kombonimo madzulo, fumbi la August likuuluka, ndinakumana ndi ana akuyendetsa zoseweretsa zawo zamawaya. Kale zinkakhala magalimoto ndi mabasi okhaokha. Pa zimene ndinaona tsikulo, ziwiri zinali njinga zamoto, mawilo ake a zitsekerero za mabotolo, ndipo imodzi inali ndi kabokosi ka machesi kumbuyo ngati katundu.