Kamera Yaing'ono M'manja Aakulu

Makamera a masiku ano, aja opanda galasi mkati monga Sony A7 kapena Canon EOS RP, anachepa thupi, ndipo ife a manja aakulu timavutika nawo. Ukagwira, chala chaching'ono chimangolendewera pansi, chosowa pokhala. Zala zinazo zimafinya mopitirira, dzanja limatopa msanga, chithunzi n'kutuluka chogwedezeka.

Langizo langa ndi lakuti kulemera konse kukhale pa dzanja lamanzere. Liikeni kunsi kwa lenzi, chikhatho chiyang'ane kumwamba, zigongono zitsamire m'nthiti. Lamanja ntchito yake n'kuwongolera ndi kudina basi, osati kunyamula. Ambiri amaphonya apapa, ndipo zimandiwawa kuona chithunzi chabwino cha ukwati chitawonongeka chifukwa cha kagwiridwe.

Ngati kandalama kalipo, gulani kachowonjezera komangirira kunsi kwa kamera; a Canon anapanga EG-E1 ya EOS RP kuti chala chija chipeze malo. Lamba musamunyoze: mukulungeni pamkono mpaka akungike. Mukamajambula ndi lenzi ya 50mm, shutter isachedwe kuposa 1/60 ya sekondi, ndipo muzidina mutatulutsa mpweya.