Kusamala Kapinga wa Pabwalo: Tidziwe Udzu Tisanaulimbane

Ambiri mwa ife timadzala kapinga pabwalo kuti tichepetse fumbi m'chilimwe ndi matope m'dzinja. Koma mvula ikayamba mu Novembala kuno ku Mwami, m'kapingamo mumatulukanso chisoso, bonongwe, khovani ndi dawe. Vutoli silithera pa maonekedwe a pakhomo. Udzu wa pabwalo ukabereka, njere zake zimasesedwera m'dzenje la kompositi, ndipo chaka chotsatira timazinyamula tokha kupita nazo kudimba ndi kumunda.

Tisanagwire khasu, tiyambe tadziwa mmene udzu uliwonse umachulukira, pakuti njira youthetsera ili pomwepo.

Chisoso ndi bonongwe zimakhala nyengo imodzi yokha ndipo zimadalira njere. Izi tizizule ndi manja nthaka ikadali yonyowa, maluwa asanatuluke. Masamba ake anthete ndi ndiwo, kotero ntchitoyi ilinso ndi phindu la kukhitchini. Zomwe zabereka kale tisaziponye mu kompositi. Tiziumitse ndi kuzitentha.

Dawe ndi khovani nzosiyana. Dawe ali ndi timibulu tonga timbatata pansi pa nthaka, ndipo tikadula masamba okha amaphukanso pakangopita masiku ochepa. Khovani naye, kachidutswa kalikonse kokhala ndi mfundo kamamera mizu kakakhudza dothi lonyowa. Choncho dawe timukumbe ndi timibulu take tomwe mu Seputembala ndi Okutobala, dzuwa litatsike kuwotcha timibuluto. Khovani timuyanike pa lata kapena pa mwala mpaka aumiretu.

Chitetezo chachikulu ndi kapinga yemweyo akakhala wothithikana, chifukwa njere za udzu zimasowa kuwala ndi malo omera. Pometa ndi chikwakwa kapena makina, tisiye msinkhu wa masentimita 4 kapena 5, ndipo tisachotse zoposa gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wake nthawi imodzi. Kumeta mpaka dothi kuonekera ndiko kutsegulira udzu khomo. Pamene pali dazi tidzalepo mphukira za kapinga mu Disembala, motalikirana masentimita 15, ndi kuwazapo manyowa owolerana bwino. Ndowe yaiwisi imabwera ndi njere zake. Pamene anthu amapondaponda tiyalepo njerwa kapena miyala.

Tikumbukirenso kuti kapinga ndi wabwino pabwalo pokha. Akalowa m'bedi la ndiwo amayanga pamwamba ndi pansi pomwe, ndipo kumuchotsa ndi ntchito ya miyezi. Tikumbe kangalande pakati pa bwalo ndi dimba, ndipo tizidula mphukira zodumpha malire mwezi uliwonse.

Nanga mankhwala? Glyphosate sasankha: amapha chomera chilichonse chobiriwira, kapinga yemwe. Mankhwala a 2,4-D amapha zomera za masamba otambalala nasiya kapinga, koma mphepo ikawauluza amapiringiza tomato ndi thonje. Pabwalo mpamene ana amasewera ndi nkhuku zimatola, ndipo nthawi zambiri chitsime chimakhala pafupi. Amene wakakamizika kupopera agule mankhwala ovomerezedwa ndi bungwe la ZEMA, afunse mlangizi wa zaulimi wa m'dera lake, ndipo atsatire mlingo wolembedwa pa botolo.

Akuluakulu anati mmera mpoyamba. Kuzula udzu kamodzi pa sabata m'masabata oyamba a mvula kumatipulumutsa ku ntchito yokumba bwalo lonse mu Febuluwale.