OPERA: NTHANO YOIMBIDWA YA KU ITALY

 Nthawi zina pa wailesi pamamveka munthu akuimba ndi mau atali onjenjemera m'cinenero cacilendo, ndipo ambiri amapotoza msanga kufuna nyimbo zina. Usiku uno tifotokoze za nyimbo zimenezo, ndi cifukwa cace anthu amayenda maulendo atali kuti akazione ndi maso ao.

Dzina lace ndi opera. Opera ndi nthano imene anthu amaicita pa bwalo, koma m'malo mwa kulankhula amaimba. Mfumu ikakalipa imakalipa ndi nyimbo. Mkazi akalira maliro amalira ndi nyimbo. Mwambo umenewu unayamba ku Florence, m'dziko la Italy, ca m'ma 1600, ndipo poyamba unali wa mafumu ndi eni cuma okha. M'caka ca 1637 anatsegula ku Venice nyumba yoyamba imene munthu ali yense akanalowamo atalipira pa khomo. Nyumba yomveka koposa ndiyo La Scala ya ku Milan, imene inatsegulidwa mu 1778.

Nanga m'nyumba yotere mumacitika zotani? Anthu akakhala pansi nyali zimazima. Kutsogolo, pamalo potsika ngati dzenje, pamakhala oomba zeze zazikuru ndi zazing'ono, zitoliro, malipenga ndi ng'oma, ndipo mtsogoleri wao amaimirira ndi kamtengo m'dzanja. Nsaru yocinga ikatseguka muona nyumba ya mfumu kapena gombe la mtsinje, ndi anthu obvala monga mwa nthanoyo. Codabwitsa ndi ici: oimbawo sagwira makina okuza mau. Mau a munthu mmodzi ayenera kupitirira zoombera zonse zija ndi kufika kwa wokhala kumbuyo kweni-kweni. Ndico cifukwa amaphunzira kupuma ndi kuturutsa mau kwa zaka zambiri. Oonerera naonso sakhala cete. Ku La Scala anthu a m'mipando ya pamwamba, yotsika mtengo, ndiwo oweruza oopsa: woimba bwino amamuombera m'manja nthawi yaitali, wolephera amamukuwiza pomwepo.

Inu a ku mapulazi a fodya a ku Banket, Trelawney, Mvurwi ndi Bindura simufuna kuuzidwa zambiri pamenepa. Makolo anu pocokera ku Malawi, ku Cipata ndi ku Tete anadza ndi Gule Wamkuru, amene Ashona amati Zvigure. Mudziwa kuti kumva ng'oma uli m'nyumba sikulingana ndi kuima pa bwalo la pa komboni, pamene pfumbi likwera, amai ayankha nyimbo ndi nthungululu, ndipo wobvina aonjeza mphamvu poona kuti anthu akondwa. Zinthu ziwirizi nzosiyana ndithu: gule ndi wa mizimu, wa maliro ndi wa cinamwali, ndipo ali ndi zinsinsi zace, pamene opera ndi masewera olembedwa m'buku. Koma m'zonse ziwiri cokoma ciri pa bwalo, ndipo wailesi imangotipatsa theka.

Tsono tinene nthano imodzi, ya Aida, imene nyimbo zace anapeka Giuseppe Verdi. Inaonetsedwa koyamba ku Cairo pa 24 December 1871. Aida ndi mwana wa mfumu ya ku Ethiopia, koma ali kapolo m'nyumba ya mfumu ya ku Egypt. Kumeneko akondana ndi Radamès, kazembe wa nkhondo amene atumidwa kukathira nkhondo anthu a kwao kwa Aida. Atate wace agwidwa, ndipo amkakamiza mwanayo kuti afunse bwenzi lace njira imene asilikari adzadzera. Radamès aulula, aweruzidwa kuti atsekeredwe m'manda ali moyo, ndipo Aida abisala m'mandamo kuti afe naye pamodzi. M'nthano yonseyi mkaziyu akokedwa mbali ziwiri: kwao kumene mtima ulakalaka, ndi dziko la eni kumene kuli wokondedwa wace.

Nthano imeneyi inafika m'maiko athu. Mu 1953 gulu la Covent Garden la ku London linaonetsa Aida ku Bulawayo, pa cionetsero cokumbukira zaka 100 cibadwire Cecil Rhodes. Masiku amenewo a tsankho masewera otere anali a Azungu makamaka, ndipo wanchito wa m'munda wa fodya analibe ndalama kapena mpata wa kupitako. Pambuyo pace msonkhano wa zamaluso wa HIFA, umene unayamba ku Harare mu 1999, unkakhala ndi usiku wa nyimbo za opera, wa anthu a mitundu yonse.

Komatu amene akanamvetsa Aida koposa ndiwo aja anatsala kunja. Machona a ku mapulazi anakwatira ndi kubala ana m'dziko la eni, mtima uli ku mudzi. Pamene mapulazi anayamba kulandidwa mu 2000, ambiri anataya nchito ndi nyumba, ena nauzidwa kuti abwerere kwao kumene sanakuone cibadwire. Malamulo akuru a Zimbabwe a mu 2013 ndiwo anabvomereza kuti obadwira m'dzikomo kwa makolo a m'maiko oyandikana nawonso ndi nzika. Munthu wotere safuna womasulira kuti adziwe cimene Aida alirira.

Cotero mukapeza mpata wa kuona opera, ku Harare, ku Cape Town kapena kwina, musaope cinenero. Yambani mwafunsa nthano yace, fikani msanga pakuti wocedwa amadikira pa khomo, ndipo penyani monga mupenyera pa bwalo la kwanu.