Njoka yoyamba isankheni poona kadyedwe kake

Ndakhala ndikuweta njoka kwa zaka zambiri kuno ku Johannesburg, ndipo aliyense wofuna kuyamba amandifunsa kuti ayambe ndi iti. Ambiri amabwera atakopeka kale ndi mawanga a njoka imene anaiona pa chithunzi. Ine ndimayamba ndawafunsa ngati angalole kusunga mbewa zakufa mufiriji, pafupi ndi ndiwo zawo, komanso ngati ali okonzeka kuisamalira kwa zaka 20.

Woyamba kumene ndimamulozera corn snake, njoka ya kum'mwera chakum'mawa kwa dziko la America. Ilibe ululu, ndi yofatsa, ndipo kawirikawiri imalekera pa mita imodzi ndi theka. Koma chimene ndimaikondera kwambiri ndi chakuti sivuta kudya. Mumatulutsa mbewa mufiriji, n'kuiviika m'madzi ofunda mpaka itafewa, kenako n'kuigwedeza pang'ono ndi chopanira. Njoka imatulutsa lilime kawiri katatu, n'kuitsomphola. Yaing'ono imadya kamodzi pa sabata, yaikulu pakapita masiku 10 kapena 14.

Ball python, kansato kakang'ono kochokera kumadzulo ndi pakati pa Africa, nakonso ndi kofatsa. Kakaopa kamangodzipinda n'kubisa mutu. Vuto lake ndi lakuti kamatha kukana chakudya miyezi ingapo popanda kudwala. Ife ozolowera timangokayeza pasikelo n'kudikira, koma woyamba kumene sagona tulo. Amakagwiragwira, kukasinthira malo, ndipo kamakaniratu. Kamafunanso chinyontho chokwanira kuti kafundule bwino, ndipo kamatha kupitirira zaka 30.

Burmese python musaiyandikire n'komwe. Imagulitsidwa ili kamwana, koma imakafika mamita 5.

Chimene chimandiwawa mtima ndi kutola njoka kutchire. Njoka yobadwira m'thengo imabwera ndi nkhupakupa ndi nyongolotsi, ndipo nthawi zambiri imafa ndi njala m'bokosi. Palinso kanjoka kakuda kotchedwa stiletto snake, kooneka ngati kosalakwa, kamene kamabaya chala ndi dzino lotulukira m'mbali mwa kamwa ngakhale mutakagwira kukhosi. Komanso malamulo a nyama zakutchire amafuna chilolezo, ndipo kuno ku South Africa amasiyana chigawo ndi chigawo, choncho funsani musanagule.

Bokosi likonzeni njoka isanafike. Mbali imodzi izitentha madigiri 28 mpaka 30, inayo ikhale yozizirirapo, chifukwa njoka ilibe kutentha kwakekwake m'thupi ndipo imasankha yokha pogona. Chotenthetsera chikhale ndi thermostat. Ndinasamalirapo njoka yopsa mimba yonse chifukwa mwini wake analibe kachipangizoka, ndipo bala lake linatenga miyezi kuti lipole. Chivindikiro chikhale chokhoma, poti corn snake imadutsa paliponse pamene mutu wake wakwana.

Kwa wogulitsa, pemphani kaundula wa masiku amene njokayo inadya ndi kufundula. Ngati n'kotheka, bwerani tsiku lodyetsa mudzaione ikumeza mbewa ndi maso anu.