Katoni Yolemera Yafika Pakhomo: Za Sabuufa ndi Kasamalidwe Kake

M'nyengo ina ya tchuthi, mwana wa mlongo wathu amene amagwira ntchito ku Johannesburg anabwera kudzationa. Pakati pa katundu wake panali katoni imodzi imene anyamata awiri anaitsitsa m'galimoto akubuula. Mmodzi wa iwo, pofuna kuonetsa mphamvu pamaso pa anthu, anati aisenze yekha. Pakhonde anafika nayo ndithu, koma masiku atatu otsatira anagona pamphasa, msana utakana. M'katonimo munali sabuufa, sipika yaikulu ija imene imatulutsa mawu a pansi okhaokha, amene oimba amawatcha besi. Zida zimenezi zachuluka m'nyumba za m'tauni ndi za kumudzi komwe, ndipo ambiri amatayirapo ndalama zambiri osadziwa bwino chimene agula. Tafufuza za chida chimenechi, ndipo zimene tapeza tati tigawane ndi owerenga athu.

Chifukwa chake imalemera chotere

Ana a sukulu timawauza kuti agwire pakhosi pamene akuyankhula, kuti amve okha kuti mawu alionse ndi kunjenjemera. Chinthu chikanjenjemera chimakankha mpweya, mpweyawo nufika m'khutu ngati mafunde. Kuchuluka kwa kunjenjemerako pa sekondi imodzi amakuwerenga ndi muyeso wotchedwa hertz, pokumbukira Heinrich Hertz wa ku Germany, ndipo polemba amafupikitsa kuti Hz. Khutu la mwana wathanzi limamva kuyambira 20 Hz mpaka 20,000 Hz. Nambala ikachepa mawu amakhala a pansi: chingwe chachikulu cha gitala ya besi ya zingwe zinayi chimalira pa 41 Hz. Sabuufa ntchito yake ndi ya kunsi kumeneku, kuyambira cha pa 20 Hz kulekeza pa 80 kapena 120 Hz. Mawu a munthu woyankhula, chitoliro ndi zina zonse imazisiyira masipika aang'ono.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Mawu amayenda mumpweya mamita 343 pa sekondi. Funde limodzi la mawu a 1,000 Hz ndi lalitali masentimita 34 okha, kungopitirira pang'ono rula ya mwana wa sukulu. Koma funde la 20 Hz limatalika mamita 17, kuposa chipinda chophunziriramo. Kuti sipika itsike kuchoka pa 80 Hz kufika pa 40 Hz osachepetsa kukula kwa mawu, iyenera kukankha mpweya wochuluka kanayi. Kuti ifike pa 20 Hz, kanayi kenanso. Aliyense amene anaonapo gule wa mganda akudziwa kuti ng'oma imene imamveka tsidya la dambo ndi yaikulu ija, ndipo woiimba amatuluka thukuta. Kuwonjezera apo, khutu lathu ndi logontha pang'ono ku mawu a pansi. Harvey Fletcher ndi Wilden Munson anaonetsa zimenezi mu 1933 ku America, kuti mawu a pansi amafuna mphamvu yochuluka kwambiri kuti tiwamve mofanana ndi mawu a pakati.

Chotero opanga amaika koni yaikulu, ndiye chinthu chija chooneka ngati lichero chimene chimatukumuka kutsogolo, ya mainchesi 10, 12, 15 kapena kuposerapo. Kumbuyo kwake kuli koyilo ya waya imene imakhala pakati pa maginito aakulu. Magetsi akadutsa m'koyilomo, koni imapita kutsogolo ndi kubwerera. Nzeru imeneyi ndi ya Chester Rice ndi Edward Kellogg, amene anaifotokoza mu 1925, ndipo masipika ambiri akugwirabe ntchito motero. Bokosi lake amalipanga ndi matabwa ochindikala kuti lokha lisanjenjemere, ndipo m'katimo muli ampulifaya yakeyake. Maginito, matabwa ndi ampulifaya mukaziphatikiza, mupeza sabuufa yapakatikati ikulemera makilogalamu 15 kapena 25, pamene zina zikuluzikulu za m'nyumba zimapitirira makilogalamu 70. Thumba la feteleza, limene mwamuna wamphamvu amalilemekeza polinyamula, ndi la makilogalamu 50.

Mphamvu ya mawu a pansi anthu ambiri anaidziwira m'nyumba za kanema. Mu 1974 ku America kunatuluka filimu yotchedwa Earthquake, yonena za chivomezi, ndipo eni ake anaika masipika aakulu a besi a kampani ya Cerwin-Vega kuti oonerera amve mipando ikugwedezeka. Ku Chinese Theatre ku Hollywood pulasitala wa kudenga anang'aluka, mpaka anamangako ukonde woti uziwakha zidutswa. Mu 1992 filimu ya Batman Returns inabwera ndi kajambulidwe ka mawu ka Dolby Digital, ndipo nambala ya 5.1 imene mumaiona pa makatoni ikutanthauza masipika asanu ndi njira imodzi yapadera ya mawu a pansi. Kadontho ndi 1 uja ndiye sabuufa.

Kutsegula katoni

Lamulo loyamba nlakuti pakhale anthu awiri. Choopsa si kulemera kokha ayi, komanso nchakuti kulemerako sikuli pakati: mbali ya maginito imakoka, ndipo munthu amene sanayembekezere amapotoka msana pofuna kuigwira isagwe. Pindani maondo, msana uongoke, katunduyo akhale pafupi ndi thupi, ndipo potembenuka sunthani mapazi m'malo mopotoza chiuno. Valani nsapato. Njira yonse kuchokera pakhomo kufika pamalo pake ikhale yosesa, ana ndi nkhuku zili kutali.

Musaizule m'katoni mokokera kumwamba ngati chinangwa. Tsegulani katoni pamwamba, ndipo mpeni usalowe kwambiri, pakuti pansi pa tepi pangakhale koni kapena thabwa lopakidwa bwino. Chotsani mawaya, kabuku ndi zina zazing'ono. Pindirani makutu anayi a katoni kunja, yalani mkeka kapena bulangeti, ndipo awirinu mugoneke katoniyo cham'mbali, kenaka muivundikire kukamwa kwake kuloze pansi. Mukatero mungosolola katoni yopanda kanthu kumwamba, sabuufa nkutsala pamkeka. Makatoni ena ali ndi zithunzi zolangiza njira yawoyawo. Ngati zilipo, tsatani zimenezo. Poisuntha igwireni kunsi kwa bokosi. Musalowetse dzanja m'bowo lija lotulukira mpweya kuti likhale chogwirira, ndiponso bondo kapena chala chisakanikize koni. Kachipewa kozungulira ka pakati pa koni kamakopa zala za ana ngati uchi, ndipo kakabonyoka kamavuta kukonza. Nchifukwa chake chotchinga cha kutsogolo chiyenera kukhalapo nthawi zonse m'nyumba ya ana.

Mapepala a pulasitiki aakulu aja achotsedwe nthawi yomweyo, chifukwa mwana akavala kumutu amabanika. Timapaketi ta timibulu toumitsa chinyezi si shuga, titayidwe kumene mwana sangatitole. Koma katoniyo ndi zoyera zija zotchinjiriza musazisandutse chikwere cha nkhuku. Tsiku losamuka kapena lobweza katundu kusitolo mudzazifuna, ndipo simudzapeza zina zokwana bwino chotero. Dziwaninso kuti maginito ake ndi amphamvu. Makaseti akale, wotchi ya mashini ndi wailesi yakanema yakale ya chimimba ija zisayandikire, ndipo munthu amene madokotala anamuika kachipangizo kothandiza mtima kugunda asaikumbatire pachifuwa poinyamula.

Musanalumikize ku magetsi

Pano tipempha owerenga adekhe, pakuti chimwemwe cha tsiku loyamba chaonongetsa katundu wambiri. Yang'anani kumbuyo, pafupi ndi polowera chingwe, pamene alemba mavoti. Magetsi a kuno ku Malawi ndi a mavoti 230, chimodzimodzi a ku South Africa ndi ku Britain, koma a ku America ndi Canada ndi a mavoti 120. Sabuufa yolembedwa 120V yokha mukailowetsa m'soketi ya kuno ingapse nthawi yomweyo, ndipo mphatso ya mwana wanu idzatha musanamve nyimbo ngakhale imodzi. Zina zili ndi kaswitchi kosinthira mavoti, zina zalembedwa 100–240V ndipo zimalandira onse. Yolembedwa 120V yokha imafuna thiransifoma ya mphamvu yokwanira. Ya ku South Africa mavoti ake ndi abwino, koma pulagi yake ya mano obulungira siilowa m'masoketi athu a mano atatu amakona. Pitani kwa wodziwa zamagetsi akuikireni pulagi yoyenera ya fyuzi. Chizolowezi chodula pulagi ndi kutsendera mawaya m'soketi ndi timitengo ta machesi, kapena kumanga fyuzi yakupsa ndi waya, ndicho chimayatsa nyumba usiku anthu ali m'tulo. Dzino lachitatu la pulagi, lalitali lija, ndilo limapereka njira kwa magetsi osokera kuti apite pansi osadzera mwa munthu. Sabuufa ikamang'ung'udza, ena amalithyola dzinolo, koma kumeneko nkugula bata ndi moyo.

Lumikizani mawaya onse zida zili zozimitsa, kotembenuzira mawu kali pansi penipeni. Poyatsa, sabuufa ikhale yomaliza. Pozimitsa, ikhale yoyamba, kuti kugunda kuja kumene zida zina zimatulutsa kusafike pa koni. Magetsi akathima, kapena mvula ya ziphaliwali ikayandikira, zulani pulagi kukhoma. Ndipo mwana wanu wochenjera uja, amene anamasulapo wailesi ndi kuibwezera bwino, mumuuze kuti kuno ayi: m'katimo muli makapasita amene amasunga magetsi oopsa ngakhale pulagi itazulidwa.

Amayi athu amakonda kukongoletsa chilichonse cha pamwamba posalala ndi kansalu koluka ndi botolo la maluwa. Kansalu nkosalakwa, malinga ngati sikatchinga zitsulo za kumbuyo zimene zimatulutsa kutentha. Koma botolo la madzi, kandulo kapena nyali ya parafini zimayenda pang'onopang'ono ndi kunjenjemerako mpaka kugwa. Siyani mpata wa chikhatho chimodzi kapena ziwiri pakati pa sabuufa ndi khoma, ndipo nthawi ndi nthawi suzumirani m'bowo la mpweya, popeza mbewa ndi mphemvu zimakonda malo ofunda a mdima, ana nawonso amaponyamo tizidole.

Manambala a pa katoni

Wogulitsa adzakuonetsani nambala yaikulu, mwina 5,000W, pambali pake patalembedwa PMPO. Nambala imeneyo ilibe muyeso umodzi wogwirizana, ndi yokopera maso basi. Yodalirika ndi yolembedwa RMS, imene imanena mphamvu imene chidacho chingapereke mosalekeza, ndipo mawati 200 kapena 300 otere ndi okwanira chipinda chochezera cha nyumba zambiri. Musaganize kuti mawati 600 amveka kawiri kuposa mawati 300. Kuwirikiza mawati kumangowonjezera madesibelo 3, muyeso wa kukula kwa mawu, ndipo kuti khutu linene kuti mawu akula kawiri pamafunika mawati ochuluka kakhumi. Mphamvu yambiri phindu lake nlakuti ng'oma ikagunda mwadzidzidzi m'nyimbo, imveke yoyera popanda kusasa. Ili ngati ng'ombe yamphamvu pa ngolo yopepuka, imene imakwera chitunda osapuma wefuwefu.

Kumbuyo mupeza totembenuza titatu. Kolembedwa crossover kamaika malire pamene masipika aang'ono alekezere ndi sabuufa iyambire. Yambani pa 80 Hz, ndipo ngati masipika anu ndi aang'ono kwambiri kwezani kufika 100 kapena 120. Kolembedwa phase, ka 0 ndi 180, yesani mbali zonse ziwiri muli pampando wanu, musiye kumene besi ikumveka yodzaza. Kachitatu ndi kokweza mawu, ndipo ambiri amalakwira pamenepa. Sabuufa yoikidwa bwino siidziwika kumene ili. Mlendo akalowa nkuloza kuti besi ikuchokera apo, ndiye kuti mwakweza mopitirira. Pofuna malo ake, ikani sabuufayo pamene mumakhala, imbani nyimbo ya besi yosadukiza, ndipo inu muyende chokwawa m'mbali mwa makoma mukumvetsera. Pamene pamveke bwino koposa, pamenepo ndi pake. Ana adzaseka kuona bambo akukwawa, koma njirayi imagwira ntchito. Pangodya besi imakula, kawirikawiri mpaka kusanduka mkokomo wopanda nyimbo. Mukamva phokoso ngati kugogoda, tsitsani msanga, koyilo ikumenya kumapeto kwa njira yake.

Makutu a ana ndi tulo ta anansi

M'kati mwa khutu muli timaselo ta tsitsi timene timalandira mawu, ndipo tikafa sitimeranso. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumvera mawu a madesibelo 80, ndipo kwa ana muyeso ndi madesibelo 75. Pa madesibelo 90 nthawiyo imatsika kufika maola anayi okha pa sabata. Vuto la besi nlakuti siipweteka m'khutu msanga, choncho munthu amakweza zida zonse pamodzi osazindikira. Muyeso wosafuna makina ndi uwu: ngati muyenera kufuula kuti munthu amene ali pamtunda wa mkono umodzi akumveni, mawuwo akula mopitirira. M'khutu mukamalira nyimbo zitatha, khutulo lavulala. Ife aphunzitsi timamudziwa mwana amene amakhala kutsogolo koma nkumangoti, “Bwerezaninso aphunzitsi,” ndipo ambiri amamuyesa wopusa pamene vuto lili m'makutu. Khanda lisagonekedwe pafupi ndi sabuufa, ndipo ana asaloledwe masewera aja oika mutu pabowo kuti amve mphepo.

Mafunde aatali aja sasamala khoma. Njerwa imatchinga mawu a woimba ndi a gitala, koma besi imadutsa, imagwedeza malata, mawindo ndi mbale za m'kabati, kotero kuti mnansi wanu samva nyimbo konse, amangomva di, di, di, mpaka usiku. M'nyumba zogundizana za lendi kuseri kwa khomalo kungakhale wodwala, mwana wokonzekera mayeso, kapena mlonda amene amagona masana. Kuika sabuufa pa kapeti wochindikala kapena pa mphira kumachepetsa kunjenjemera kodzera pansi, ndipo kuichotsa pa khoma limene mwagawana ndi anzanu kumathandizanso, koma chothandiza chenicheni ndi kutsitsa. Ife tinachita chotere ndi ya mwana wa mlongo wathu ija: madzulo tinaimba nyimbo, mmodzi nakaima pakhomo pa anansi, wina akutsitsa pang'onopang'ono kufikira wa panjayo anakweza dzanja kuti sakumvanso kanthu. Pamenepo tinalembapo kachizindikiro ndi choko, ndipo ikakwana 8 koloko usiku kotembenuzako kamabwerera pa choko.