Za Mphira Imene Imamva Chala

Ana inu, mukatsika ku Mzuzu kunka kunyanja, mudzapeza munda waukulu wotchedwa Vizara m'boma la Nkhata Bay. Mitengo yake inabzalidwa m'mizere. Antchito amacheka khungwa lake, ndipo utomoni woyera ngati mkaka umadonthera m'tizikho. Utomoni umenewo ndiwo mphira. Anyamata a kumeneko amakulunga nayo mipira, naigulitsa m'mbali mwa msewu.

Mphira ili ndi makhalidwe awiri. Loyamba ndi ili: mukaifinya ndi kuileka, imabwerera monga inalili. Lachiwiri ndi ili: imakaniza magetsi kupita. Chifukwa chake waya wa nyale amavekedwa mphira kapena pulasitiki, kuti wougwira asaphedwe. Koma chitsulo chili ndi khalidwe lina. Icho chimalola magetsi kuyenda mwa icho, monga madzi ayenda mumfuleni.

Nanga tikasakaniza ziwirizi, chidzapambana nchiti?

M'chaka cha 1996 munthu wina wa ku England, dzina lake David Lussey, anafuna kupanga ulimbo wopititsa magetsi. Anatenga ufa wa chitsulo chotchedwa nickel, nausakaniza ndi mphira ya silikoni. Mphira imeneyi sichokera kumtengo ayi, amaipanga m'fakitale. Pouyesa ulimbo wake, magetsi sanapite. Wina akadautaya kudzala. Koma iye anapenyetsetsa, napeza chodabwitsa: pamene unapanikizika, magetsi anapita, pamene unalekedwa, analeka.

Kuti timvetse chifukwa chake, tiyeni tiganize za kwathu kuno ku Masasa, kumene tikhala pazitunda, ndi timitsinje m'zigwa. Pofuna kuoloka, anthu amaika miyala m'madzi. Miyalayo ikatalikirana, mwana sangathe kuoloka, amaima patsidya. Ikayandikana, amalumpha mwala ndi mwala, nafika tsidya lija. Taonani, sikufunika kuti miyala igundane, koma kuti mpata ukhale waung'ono.

Momwemonso m'mphira ija. Timbewu ta nickel ndito miyala, mphira ndiyo madzi, magetsi ndiwo mwana wofuna kuoloka. Kambewu kalikonse kali ndi timinga, monga chipatso cha nsatsi, ndipo kakutidwa ndi mphira. Mphira ikakhala chete, timbewu titalikirana, magetsi naima. Chala chikaipanikiza, timinga tiyandikana kufikira patsala kampata kosaoneka ndi maso, ndipo magetsi alumpha kuchokera kunsonga ya munga. Mukapanikiza pang'ono, apita ochepa. Mukapanikiza kolimba, apita ochuluka. Mukachotsa chala, mphira ibwerera, njira nitsekeka.

Swichi ya pakhoma imadziwa mawu awiri okha, inde ndi iyayi. Koma mphira iyi imadziwanso pang'ono ndi kwambiri. Lussey anayambitsa kampani yotchedwa Peratech, ndipo ophunzira a pa yunivesite ya Durham anafufuza machitidwe a mphirayi. Ena anaisokerera m'malaya kuti ikhale mabatani ofewa. A bungwe la NASA ku America anaiika m'zala za makina ooneka ngati munthu, otchedwa Robonaut, kuti azindikire ngati agwira chinthu mofatsa kapena mofinya.

Mbale wake wa mphira imeneyi ali m'nyumba zambiri. Limoti yakufa ya wailesi yakanema ikatsegulidwa, pansi pa batani lililonse pamaoneka kadontho kakuda. Kameneko ndi mphira yosakaniza ndi mwaye wosalala, ndipo kamapititsa magetsi nthawi zonse. Batani likatsika, kadontho kalumikiza tinjira tiwiri, ndipo wailesi imva.

Tsono pali chenjezo limene musaliiwale. Mwaona kuti si mphira yonse ikaniza magetsi. Tayala la galimoto nalonso lili ndi mwaye, ndiponso mawaya achitsulo m'kati mwake. Chotero mwana asanene mumtima mwake kuti, ndavala nsapato za tayala, ndingathe kuponda waya. Mvula ya ku Mzuzu ndi yambiri, ndipo nthaka yonyowa imapititsa magetsi. Mukaona waya wa ESCOM utagwa panjira, musauyandikire, musaukhudze ngakhale ndi ndodo. Imani patali, letsani ang'ono anu, thamangani kukauza akulu. Wofuna kuyesa za magetsi ayese ndi batire la tochi lokha, pamaso pa mphunzitsi.

Mafunso

1. Tchulani makhalidwe awiri a mphira.
2. Chifukwa ninji magetsi apita pamene mphira ya nickel ipanikizidwa?
3. Mudzachita chiyani mukapeza waya utagwa panjira ya kusukulu?