Magiya a dzanja kapena odzisintha okha: mkangano wakutali umene umathera ku Thambani

Pa chipata cha Mwanza, pamene msewu wochokera ku Tete kudzera ku Zobue umalowera m'dziko la Malawi, pamadutsa magalimoto ambiri amene adayamba ayenda m'misewu ya ku Japan. Ena amatsikira pa doko la Durban ku South Africa, nadzera ku Zimbabwe ndi ku Mozambique. Ena amatsikira ku Beira. Munthu wosuzumira m'kati mwa magalimotowa amaona chinthu chimene sichidali chofala m'masiku a Peugeot 404 ndi Land Rover. Pansi pa chiwongolero pali zopondapo ziwiri zokha, cha moto ndi cha mabuleki. Chachitatu, chija madalaivala amati kilachi, palibe. Awa ndi magalimoto osintha okha magiya, amene anthu ambiri amangowatcha otomatiki.

Ku Japan, ku Ulaya ndi ku America kuli mkangano umene watenga zaka zambiri pakati pa opanga magalimoto ndi ogula. Mkanganowu umakhudza timagalimoto tating'ono taliwiro, topepuka, totsika mtengo, timene timapangidwira kukondweretsa woyendetsa osati kusenza katundu. Kodi timagalimoto totere tizikhala ndi magiya a dzanja okha, monga zidalili kale, kapena opanga aziperekanso otomatiki kuti wogula asankhe yekha?

Kwa munthu wa ku Thambani, dera lamapiri la m'boma la Mwanza kufupi ndi malire a Mozambique, kumene msewu wadziwika kwa zaka zambiri ndi fumbi m'chilimwe ndi matope m'dzinja, funsoli lingaoneke ngati mkangano wa anthu okhuta. Koma sizili choncho. Galimoto imene munthu wa ku Nagoya wasankha lero ili yatsopano ndi yomweyo imene idzafike ku Mwanza patapita zaka khumi. Wogula woyamba ndiye amasankhira wogula wachiwiri, ngakhale awiriwo sadzaonana mpaka kalekale.

Ntchito ya magiya

Aliyense amene adapalasapo njinga ya magiya akudziwa kale chiyambi cha nkhaniyi. Pokwera chitunda wopalasa amasankha giya yopepuka. Miyendo imazungulira kambiri, njinga n'kumayenda pang'onopang'ono koma ndi mphamvu. Pamalo osalala amasankha giya yolimba kuti athamange. Injini ya galimoto nayo ilibe mphamvu zofanana nthawi zonse, motero imafuna giyabokosi kuti igwirizanitse kuzungulira kwake ndi kuzungulira kwa matayala.

M'galimoto ya magiya a dzanja, dalaivala amaponda kilachi kuti alekanitse injini ndi giyabokosi, asinthe giya ndi dzanja, kenaka alumikizenso ziwirizo posiya kilachiyo pang'onopang'ono. Mu otomatiki yodziwika kwambiri, ntchito ya kilachi imagwiridwa ndi oilo. Muli zitsulo ziwiri zonga zokupizira mphepo, zoyang'anizana m'chigoba chodzaza ndi oilo. Injini ikazunguza chimodzi, oiloyo amaponyedwa mwamphamvu nazunguza chinzakecho. Kampani ya General Motors ya ku America ndiyo idayamba kupanga giyabokosi yotere yochuluka, yotchedwa Hydra-Matic, m'magalimoto a Oldsmobile m'chaka cha 1939.

Pali mitundu ina iwiri imene yafala. Woyamba ndi CVT, umene uli m'magalimoto ambiri a Toyota Sienta, Toyota Vitz ndi Honda Fit amene adzaza m'misewu ya Malawi. M'malo mwa magiya a mano, muli lamba wachitsulo woyenda pakati pa mikombero iwiri imene imakula ndi kuchepa. Wachiwiri ndi wa makilachi awiri oyendetsedwa ndi kompyuta, umene kampani ya Volkswagen imautcha DSG ndipo idayamba kuugulitsa m'chaka cha 2003 mu Golf R32. Pamene galimoto ikuyenda m'giya yachitatu, yachinayi imakhala itakonzeka kale pa kilachi inayo, kotero kuti kusintha kumachitika msanga kuposa mmene dzanja la munthu lingathere.

Mbali ziwiri za mlandu

Okonda magiya a dzanja amati galimoto yaliwiro imagulidwa kuti munthu amve kukoma kwa kuyendetsa, ndipo kukomako kumachokera m'kugwirizana kwa phazi, dzanja ndi khutu lomvera kulira kwa injini. Amati giyabokosi ya dzanja ndi yopepuka, yotsika mtengo ndi yosavuta kukonza, zinthu zitatu zimene zimayenera galimoto ya munthu wa ndalama zochepa. Amaopanso kuti otomatiki ikangololedwa kulowa, ogula ambiri amathamangira iyo, ndipo patapita nthawi opanga amasiya yadzanja ija ponena kuti siyikuyenda malonda. Mantha amenewa ali ndi maziko. Golf GTI, imene idayamba m'chaka cha 1976 ili ya magiya a dzanja okha, ndipo anyamata ogwira ntchito ku Johannesburg amaisirira kwambiri, idalandira DSG patsogolo pake. M'chaka cha 2024 Volkswagen idaleka kupanga Golf GTI ya magiya a dzanja.

A mbali inayo ali ndi mfundo zawo zolemera. Otomatiki ya kale inali yaulesi ndiponso yomwa petulo wambiri, koma ya masiku ano kawirikawiri imafanana ndi yadzanja pa kamwedwe ka petulo, mwinanso kuiposa. Ngakhale m'mipikisano ya Formula One, kampani ya Ferrari idabweretsa m'chaka cha 1989 galimoto yosintha magiya ndi tizogwirira ta kuseri kwa chiwongolero, ndipo Nigel Mansell adapambana nayo mpikisano wa ku Brazil pa ulendo wake woyamba. Palinso anthu amene sangathe kuponda kilachi chifukwa cha kulumala mwendo kapena ukalamba. Palinso okhala m'mizinda, amene amaima ndi kunyamuka kosawerengeka m'mawa uliwonse, monga zimakhalira pakati pa Limbe ndi Blantyre. Kuwauza anthu oterewa kuti galimoto yokondweretsa si yawo n'kuwamana chinthu popanda chifukwa chomveka.

Opanga nawo amawerengera ndalama. Giyabokosi iliyonse imafuna akatswiri oikonza, kuiyesa, ndi kuidutsitsa m'malamulo a utsi ndi a chitetezo m'dziko lililonse. Galimoto yaliwiro sigulidwa ndi anthu ochuluka, choncho kupanga mitundu iwiri kumadya phindu. Komabe zimene zachitika zikuonetsa kuti ogula amafuna zonse ziwiri. Toyota Supra idabwereranso m'chaka cha 2019 ili ya otomatiki yokha, koma m'chaka cha 2022 kampaniyo idawonjezera yadzanja. Toyota GR Yaris idayenda njira yotembenuza: mtundu wake wamphamvu kwambiri udatuluka m'chaka cha 2020 uli wadzanja wokha, ndipo m'chaka cha 2024 udalandira otomatiki ya magiya 8. Mazda MX-5, imene idaonekera koyamba m'chaka cha 1989, yakhala ikugulitsidwa m'mitundu yonse iwiri kuyambira m'zaka zake zoyambirira, ndipo pofika m'chaka cha 2016 adali atapanga magalimoto amenewa okwana 1,000,000. Ndalama za ogula otomatiki zimathandiza kuti galimotoyo isafe, ndipo galimotoyo ikakhala moyo, wokonda kilachi naye amapeza yake.

Mmene mlanduwu umafikira ku Mwanza

A Malawi ndi a ku Japan onse amayendetsa kumanzere kwa msewu, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene magalimoto ogwirapo kale ntchito a ku Japan amayendera malonda kuno. Koma ku Japan magalimoto atsopano oposa 9 mwa 10 aliwonse ndi a otomatiki, ndipo kuyambira m'chaka cha 1991 dzikolo limapereka chiphaso chapadera cha oyendetsa otomatiki yokha. Chimene sichigulidwa chatsopano kumeneko sichingapezeke chakale kuno. N'chifukwa chake mnyamata wofuna Subaru Impreza, Toyota Altezza kapena Suzuki Swift ya magiya a dzanja amafufuza nthawi yaitali, pamene za otomatiki zili mbwee.

Tsono msewu wonga wa ku Thambani uli ndi mayeso ake amene mainjiniya a ku Nagoya saganizira kawirikawiri. Batire ikafooka m'mawa, galimoto ya magiya a dzanja imangofuna anyamata anayi kapena kachitsetse pang'ono. Aikankha, dalaivala asiya kilachi m'giya yachiwiri, injini yalira. Otomatiki siyilira mwa njira imeneyo. Imafuna batire ina kapena galimoto ina yoti ilumikizidwe nayo ndi zingwe, ndipo kumudzi galimoto yachiwiriyo ingathe kuchedwa tsiku lonse. Ikawonongeka panjira, kuikoka mtunda wautali matayala ake oyendetsa ali pansi kungaphe giyabokosi, pakuti pampu yoyendetsa oilo m'katimo imagwira ntchito pokhapokha injini ikulira.

Kukonza nako kumasiyana. Kilachi ikatha, makaniko wa pa boma angathe kutsitsa giyabokosi ndi kuika mbale yatsopano. CVT kapena DSG ikafa, kawirikawiri pamafunika makina a kompyuta ofufuzira vuto, ndipo mwini wake amathera ku Blantyre, mtunda wa pafupifupi makilomita 100 kuchokera pa boma la Mwanza, kukafuna giyabokosi ina yathunthu yochotsedwa m'galimoto yakufa. Magiyabokosi ambiri otere amafa chifukwa cha oilo wolakwika, popeza CVT imafuna oilo wakewake wosiyana ndi wa otomatiki wamba, ndipo wogulitsa wosadziwa amangothira aliyense amene ali pafupi. Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Wofuna kupepukidwa ndi zopondapo ziwiri ayenera kuvomerezanso chisamaliro chimene zimafuna.

Si kuti otomatiki ilibe ubwino wake m'mapiri. Ponyamuka pa chitunda, dalaivala wosazolowera amatentha kilachi kapena kubwerera m'mbuyo, pamene otomatiki imanyamuka mofatsa. Ngozi yake ili potsika. Ambiri amasiya chogwirira pa D n'kumadalira mabuleki okha pa chitsetse chachitali monga cha Chiweta kapena cha Khwekhwelere. Mabuleki akatentha amaleka kugwira bwino. Zilembo za L ndi 2, kapena S ndi B m'magalimoto ena, zidaikidwa kuti injini ithandize kuigwira galimoto potsika, monga mmene giya yachiwiri imachitira m'galimoto yadzanja. Dalaivala amene adaphunzirira pa kilachi amamvetsa msanga chifukwa chake. Amene adangophunzira kuponda moto ndi mabuleki nthawi zambiri sadziwa n'komwe ntchito ya zilembozo.

Pali chinanso chimene wosirira galimoto yaliwiro sayenera kuiwala. Magalimoto amenewa amakhala ndi mimba yotsika pafupi ndi nthaka ndi matayala opyapyala m'mbali. Kaya ndi otomatiki kaya ndi yadzanja, mwala umodzi wa pa msewu wafumbi ungathe kuboola m'munsi mwa injini, oilo yense n'kutayika. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mlimi wa manachesi amene wapeza bwino amathandizidwa kwambiri ndi galimoto yonyamula katundu kusiyana ndi yothamanga.

Phunziro kwa omaliza sukulu

Pa mlandu wa opanga, chiweruzo chanzeru n'chakuti mitundu yonse iwiri izipezeka. Kuletsa otomatiki n'kutsekera kunja olumala, okalamba ndi okhala m'mizinda. Kuthetsa yadzanja n'kulanda anthu a m'maiko osauka, patapita zaka, galimoto imene angathe kuikankha ikakana kulira ndi kuikonza pansi pa mtengo. Ubwino wa kusankha sufikira wogula woyamba yekha. Umatsika ndi galimotoyo mpaka kwa mwini wake wachitatu ndi wachinayi.

Koma mnyamata kapena mtsikana amene wangolemba mayeso a Fomu 4 ku Thambani sangathe kulamula fakitale ya ku Japan. Chimene angathe kulamula ndi maphunziro ake. Wophunzirira pa magiya a dzanja amatha kuyendetsa otomatiki tsiku lomwelo akangolangizidwa pang'ono, pamene wophunzirira pa otomatiki amayambiranso pachiyambi akapatsidwa galimoto ya kilachi. Malole ambiri, maminibasi, mathirakitala ndi ma Land Cruiser ambiri amene amagwira ntchito ya ambulansi m'zipatala za kumidzi akadali a magiya a dzanja. Ku South Africa, kumene achinyamata ambiri a m'dziko muno amapita kukafuna ntchito, munthu amene wayesedwa pa otomatiki amalandira chiphaso chomulola kuyendetsa otomatiki yokha, ndipo ku Britain lamulo ndi lomwelo. Masabata ochepa amene wophunzira amapulumutsa pothawa kilachi angathe kumutayitsa ntchito ya zaka zambiri.

Aphunzitsi a sayansi nawo ali ndi chuma m'nkhaniyi. Phunziro la magiya, la mphamvu ndi la kukhulana kwa zinthu, limene ana amaliona ngati louma m'buku, lili poyera m'njinga ya kabaza ndi m'galimoto ya matola yoima pa msika. Mwana amene wawerenga mano a magiya awiri a njinga, naona yekha chifukwa chimene chachikulu chimazungulira kamodzi pamene chaching'ono chazungulira kawiri, sadzavutika kumvetsa chifukwa chotsikira phiri m'giya yaing'ono.

Magalimoto oyendera magetsi, amene akuchuluka ku China ndi ku Ulaya, ambiri alibe magiya osinthasintha konse, ndipo tsiku lina nawonso adzafika kuno ali akale. Pamenepo mkangano wa kilachi udzazilala wokha. Koma tsikulo lisanafike, misewu ya m'boma la Mwanza idzakhala ikufunabe madalaivala odziwa zopondapo zonse zitatu, ndipo wolemba anthu ntchito adzayamba wafunsa ngati wopemphayo amatha kunyamuka pa chitunda ndi galimoto yodzaza katundu osabwerera m'mbuyo.